Wosesa Pakati pa Paki

Chimene chinayamba kumudabwitsa mlonda wa paki chinali kapinga. M'mawa uliwonse, kuseri kwa makatungwe a ana, ankapeza malo a ngodya zinayi atasesedwa bwinobwino, masamba ataunjikidwa pambali. Udzu unkatha tsiku ndi tsiku mpaka dothi linayamba kuonekera.

"Mumagona inu," anatero kapitawo. "Pofika Lachisanu mundiuze amene akuwononga kapinga, apo ayi mudzasiye makiyi."

Ntchito ithe, ana anayi ali pasukulu? Mlonda anachita mantha.

Anthu nawo pakamwa sachedwa. Mayi wogulitsa maluwa pageti anati kale pamenepo panali manda. Wometa tsitsi anatsutsa, amvekere panali nyumba za ogwira ntchito kunjanji, ndipo pozigumula kuti pakhale paki, wina anafera m'katimo akukana kusamuka. Aliyense ankalankhula ngati analipo.

Usiku woyamba, mdima uli bii, mlonda anangomva shwa, shwa, tsache likukwecha pansi pang'onopang'ono, kenako zii. Tochi inali m'manja, koma chala chinakana kudina. Usiku wachiwiri anaona chinthu choyera, chowerama, chikung'ung'udza chokha. Mlondayo, bambo ndi ndevu zake, anadzitsekera m'kanyumba ka pageti mpaka kunja kunacha. Tisamuseke, nafenso tikanatero.

Lachinayi anakumbukira ana ake, n'kulimba mtima. Usikuwo anayandikira chinthu chija, n'kuwalitsa tochi.

Anali bambo wokalamba, m'zovala zogonera, tsache lili m'manja. Munthu weniweni, wotsokomola. Nthawi yomweyo mayi wina anatulukira pampanda, pomwe waya anaduka, ali wefuwefu.

"Pepani, ndi bambo anga," ananong'ona mayiyo. "Masiku ano amaiwalaiwala. Nyumba yathu inali pompano, ine ndinabadwira apa. Sindimadziwa kuti amatuluka, lero m'pomwe ndawatsatira. Mawa ndidzafotokoza ndekha kwa abwana anu."

Mtima wa mlonda unakhala pansi. Naye anangokhala pansi pamalo osesedwa paja, n'kuyamba kudziseka, misozi ili m'maso.

Mkulu uja anamuyang'ana mosakondwa.

"Achimwene, mwalowera pakhoma. Khomo lili apo, pafupi ndi mpopi."

Mlonda anadzuka, n'kuzungulira mosamala mpaka pomwe mkuluyo ankaloza. Anavula chipewa.

"Odi kuno."

"Lowani," anayankha mkulu uja, "koma mupukute mapazi, ndangosesa kumene."