Mabowo M'chithunzi cha Lurdes

Bowo loyamba Artur analiona Lachiwiri m'mawa, atatulutsa chithunzi cha mutu wa mkazi wake kuti achiyang'anenso padzuwa. Chinali chipepala chakuda cha pulasitiki, chachikulu ngati lichero, chokhala ndi timabokosi makumi awiri, ndipo m'kabokosi kalikonse munali ubongo wa Lurdes. M'timabokosi tisanu ndi kamodzi munkaoneka kanthu koyera kopiringizika, kamene dotolo wa ku Tete anakaloza ndi cholembera. Tsopano m'kabokosi kamodzi kanthuko munalibe. Panali bowo lolowa chala, moti Artur ankaona mtengo wa mango kudzera pomwepo.

Matendawo anayamba ndi phokoso. Miyezi inayi m'mbuyomo Lurdes anayamba kudandaula kuti wina akusinja usiku, ndipo Artur ankangomuseka, amvekere ndani angavutike ndi mtondo mumdima chigayo chilipo pa Mualadzi. Kuseka kunatha usiku wina atagona mitu itagundana. Artur anamva yekha: fuu, fuu, fuu. Anatuluka ndi nkhwangwa, koma panja panali zii. Atabwerera pamphasa anamvanso. Anatuluka katatu konse, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, asanazindikire kuti phokosolo linkachokera kuseri kwa khutu la mkazi wake.

Kuchipatala cha ku Chifunde anawalembera kalata yopita nayo ku Tete. Kumeneko Lurdes anamubaya mankhwala pamkono n'kumulowetsa m'makina ojambula m'kati mwa mutu, amene amati taki. Dotolo sanazungulire.

"Mitsempha ya magazi yakodana apa," anatero. "Phokoso mukumvalo ndi magazi akudutsa mothinana, ndipo tsiku lina mtsempha ukhoza kuphulika. Anzathu a ku Maputo angathe kukonza, koma satsegula mutu wa munthu mongoganizira. Chithunzi ichi ndiye maso awo. Musachipinde, musachinyowetse. Mubwere nacho kutha kwa mwezi, tikutumizeni."

Artur anachisunga ngati dzira, pakati pa makatoni awiri, m'sutikesi ya pabalaza. Akanakonda kuchiika kumutu kwa mphasa, koma Lurdes anakanitsitsa. "Ine sindingagone mutu wanga wina uli pambali kumandiyang'ana," ankatero.

Poyamba Artur anaganizira makoswe. Koma khoswe wanji wodya mozungulira bwino chotero, n'kusiya makatoni osakhudza? Lachitatu m'mawa mabowo anali awiri. Apa ndiye anakanong'oneza mlamu wake Semu, mchimwene wa Lurdes, kuseri kwa nkhokwe.

"Alamu, zimenezi zithere pompano."

"Aa, ine? Pakamwa panga n'posoka," anayankha Semu.

Kusungitsa Semu chinsinsi n'chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Dzuwa lisanapendeke, amayi a pachitsime anali atadziwa kale kuti chinthu cha m'mutu mwa Lurdes chikudya pepala kuti chituluke. Ena ankati makina a ku Tete anatsekera mzimu wa mayiyo papulasitiki, ndipo makolo akuumasula pang'onopang'ono. AValdemar, mkulu wa mpingo, anabwera kudzapempherera sutikesi, koma anaima patali ndithu, pafupi ndi khomo.

Chimene chinamusokoneza kwambiri Artur sanachiuze munthu. Usiku uliwonse, Lurdes akagona, iye ankaika khutu pamutu pake, ndipo phokoso lija linkamveka ngati likuchepa. Kaya linkachepadi, kaya ndi makutu ake amene ankafuna choncho, sanathe kusiyanitsa. Akondwere kapena alire? Mawu a dotolo anali nawo, koma dotoloyo sananenepo za matenda othawa papepala.

Lachinayi, bowo lachitatu litapezeka, Artur anawaza phulusa pakhomo asanagone kuti aone mapazi. Chitseko chawo chinali cha msomali wokhota, choti aliyense wa pamudzipo ankadziwa kukola ndi kamtengo ali panja. Kutacha anapeza pakhomo patasesedwa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka, ndipo mabowo anali anayi. Usiku wotsatira anati akhala maso, koma tulo tilibe mbuye. Anadzidzimuka tambala akulira, tsaya lili pakhoma. Mabowo asanu.

Loweruka usiku anatafuna tsabola wa kambuzi kuti asaodzere, nakhala tsonga kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda. Mwezi kunalibe. Ankamva nkhululu kudambo, mbuzi ikutsokomola m'khola, ndi kupuma kwa Lurdes kumbuyo kwake. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenako msomali wa pachitseko unalira pang'ono, kwee, ndipo mphepo yozizira inamukhudza kumapazi. Panadutsa kanthawi popanda kalikonse. Zipi ya sutikesi inayamba kuyenda dzino limodzilimodzi. Machesi anakhwatchidwa, kandulo kakang'ono n'kuyaka pansi.

Artur anasuzumira, nkhwangwa ili m'manja.

Anali aMarita, amayi ake a Lurdes. Anagwada pansi, chithunzi chili pathabwa, lumo lili m'dzanja.

Zaka khumi ndi chimodzi Artur anakhala pachikamwini pamudzipo, ndipo sanayang'anepo apongozi akewo kumaso. Akakumana panjira ankapatukira kutchire. Sanadyepo iwo akuona, sanawapatsepo chinthu m'manja. Tsopano ankayenera kungodumpha mapazi atatu n'kuwagwira dzanja, koma thupi linachita zimene linazolowera. Anatuluka kuseri kwa nsalu, natembenukira kukhoma, nanjuta, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Amayi," ananong'ona, "pepani. Chimenecho n'cha adotolo."

AMarita sanadzidzimuke n'komwe. Nawonso anapotolokera kumbali mwaulemu. "Kagoneni, apongozi. Katsala kamodzi."

"Chonde, amayi, musadule."

"Ine ndinaona ndi maso angawa kumsasa ku Zambia, nthawi ya nkhondo. Asing'anga ankachotsa chinthu m'thupi mwa munthu n'kukachitaya pamphambano, munthu n'kudzuka. Apa makina achipeza, achigwirira papepala, inu n'kumachisunga m'sutikesi ngati kalata ya ukwati? Ndikuchotsa kamodzikamodzi kuti chisadzidzimuke. Tisanu tija ndinakwirira kale."

"Popanda chithunzicho ku Maputo sakamulandira."

"Akamulandire kuti akamung'ambe mutu ngati dzungu? Mwana wanga?" anatero aMarita. "Ndinabala asanu ndi awiri, anditsalira awiri. Nenani zoona, apongozi, inu mumagona naye. Phokoso silikuchepa?"

Artur anadziwa kuti zinali zoona. Anangoyang'ana dothi la khoma misozi ikutsika, uku kumbuyo kwake akumva lumo likuyenda papulasitiki, tse, tse, tse, mozungulira. Zipi inatsekedwa. Kandulo inazima, ndipo msomali wa pachitseko unaliranso.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akudzitukwana chamumtima. Potsiriza anakwawira kuchipinda naika khutu pamutu pa Lurdes. Anamvetsera kumanzere, anamvetsera kumanja, anagwira mpweya wake kuti amve bwino. Phokoso munalibe. Thupi linali lofunda, ndipo Lurdes ankapuma, kungoti mozama, ndi kamkonono kamene Artur sanakamvepo. Anafuna kumudzutsa, koma anaganiza kuti munthu wosagona bwino miyezi inayi ndi bwino apumule. Anafuna kukagogoda kwa Semu kuti akapeze njinga yamoto yopitira kuchipatala, koma akanena kuti chiyani? Kuti mkazi wake wagona tulo tabwino? Anakhala chigwirire dzanja lake mpaka kunayera.

Mbandakucha aMarita anaima kuseri kwa zenera, mmene ankaimira masiku onse akafuna kulankhula ndi a m'nyumbamo.

"Mwadzuka bwanji kumeneko, apongozi? Chikumvekabe?"

"Chasiya, amayi."

Nthungululu inalira pabwalo, mpaka nkhuku zinabalalika. Artur anamva zitseko zikutsegulidwa, anthu akufunsana kuti kwagwanji, ndi mawu a Semu akuti iye ankadziwa kale kuti zitha chonchi.

Phokosolo ndi limene linadzutsa Lurdes. Anatsegula maso pang'onopang'ono, diso lamanja likutsalira, mlomo utakhotera mbali imodzi. Anayang'ana denga, anayang'ana khoma, kenako anayang'ana Artur nthawi yaitali.

"Mayi a ana," anatero Artur, "mukumva bwanji?"

Lurdes anachotsa dzanja lake m'manja mwa mwamunayo. Ndi dzanja lomwelo anakoka chitenje n'kudzifunditsa mpaka m'khosi, nadzikhwekhwerezera kukhoma. Panja nthungululu inali ikulirabe.

"Amayi," anaitana ndi lilime lolemera, "amayi, bwerani. Abambo awa akufuna chiyani m'nyumba muno?"