Wokwera pa Kaliyala wa Dorika

Dorika anachoka pa Linthipe dzuwa litalowa kale, msana ukuwawa. Tsiku lonse linathera pamzere wa feteleza. Kumunda chimanga chinali chitayamba chikasu, ndipo kuchedwanso sabata ina kukanakhala kutaya chaka.

Kumbuyo kwa kagalimoto kake kunali kaliyala wachitsulo, wolowetsa pachitsulo chokokera ngolo n'kutseka ndi pini. Amene anawotcherera anali alamu ake, a Zikhalo, ndipo ndi omwewo anamuthandiza kukweza matumba.

"Atatu basi, mlamu. Muwakankhire kufupi ndi galimoto. Asatseke magetsi, asakhudze ekizozi. Lotsalalo likhale pampando wakutsogolo."

"Ndamva, alamu. Mwasanduka ansembe kodi? Ulaliki womwewo tsiku lililonse."

"Ndipo munthu asakwerepo. Si kabaza uyu."

A Zikhalo anakunga malegeni, nagwedeza kaliyala ndi phazi. Sanasunthe.

Dorika atasiya tala n'kulowa msewu wa ku Chongoni, chifunga chinatsika, kamvula kakuwaza. M'mbali mwa msewu munaima abambo achikulire, jekete lalikulu, opanda nsapato, opanda katundu. Anakweza dzanja.

"Mwananga, ndikupita kumtundaku."

"Pepani agogo, m'kati mwadzaza."

"Ndikhala kumbuyoko."

"Ayi, pamenepo si pa anthu. Pini ikathothoka mutsala pamsewu."

Agogowo anangomuyang'ana. Dorika ananyamuka.

Sanapite patali. Kumbuyo kunatsika pang'onopang'ono, ngati mmene bedi limachitira munthu akakhalapo. Magetsi anasiya msewu, nayamba kuwunika nsonga za mitengo ya paini. Chiwongolero chinapepuka m'manja. Pachitunda, matayala akutsogolo ankangopalasa matope.

Anaima, natuluka ndi tochi ya pafoni. Matumba atatu omwewo. Malegeni olimba. Pini ili m'malo mwake. Koma kaliyala anali atawerama, kutsala pang'ono kugunda pansi.

Anamasula, nagwetsera thumba limodzi m'mbali mwa msewu, nalifunda chitenje. Feteleza ndi mvula sizigwirizana, ankadziwa. Anayenda pang'ono. Chimodzimodzi. Anatsitsa lachiwiri. Patsogolo pang'ono, lachitatu.

Kaliyala anatsala wopanda kanthu, koma anali chiweramire. Mvula inkagwa ponseponse. Pakati pa kaliyalapo pokha panali pouma, malo okwana munthu mmodzi.

Kuthawa analibe nako mphamvu. Miyendo inali itatha kale pamzere paja. Chimene chinamubwerera m'mutu chinali matumba ake, akunyowa mumdima.

"Agogo," anatero osayang'ana kumbuyoko, "ndakuuzani kuti pamenepo si pa anthu. Mutigwetsera kuphompho tonse. Bwerani kutsogolo."

Anachotsa thumba lija pampando, nalipanikiza pamwamba pa katundu wa pampando wakumbuyo, nasiya chitseko chotsekula.

Zitsulo zinalira. Kaliyala anadzuka. Kenako mpando wakutsogolo unalowa m'kati.

Dorika anatseka chitseko ndi manja awiri.

"Mundidikire. Ndasiya katundu m'mbuyomu."

Anabweza galimoto chafutambuyo, kutola thumba limodzi limodzi, kulikweza ndi bondo, kulikankhira kufupi ndi galimoto, kukunga. Matumbawo kunja anali atanyowa, koma pepala lam'kati linali litagwira. Magetsi anabwerera pamsewu.

M'galimoto munkamveka fungo la kuchipatala. Galasi la mbali inayo linkachita nthunzi, kuyera, kuchitanso nthunzi. Dorika ankangoyang'ana kutsogolo.

Atadutsa tchalitchi, pamene kanjira kamapatukira kunkhalango, mpando unakwera wokha. Anaimika galimoto, natambasula dzanja kutsekula chitseko. Munalowa mphepo yozizira. Anadikira pang'ono, natseka.

M'mawa anali m'munda ndi kachitsekero ka botolo, kuthira phando ndi phando. Mai Magadalena a munda woyandikana nawo anamva nkhaniyo atagwira kukamwa, kenako anatsitsa mawu.

"Ndi a Dziwani amenewo. Anamwalira kuchipatala ku Lilongwe. Abale anasowa galimoto yowanyamulira, ndiye anaikidwa komweko, pakati pa alendo. Chiyambireni akubwera pang'onopang'ono. Wamatola wina anawafikitsa pa Linthipe. Wakabaza wina anawatengako mpaka pamlatho, njinga yake inapindika."

"Ndiye afika tsopano?"

"Afike kuti? Kanjira kameneko n'kongodutsa. Kwawo n'kuseri kwa phiri."

Dorika anawongola msana, nayang'ana phirilo litafunda mitambo. Anaweramanso.

"Loweruka ndikupita konko ndi kabichi," anatero. "Ngati pali amene amayankhula nawo, awauze adikire pamsewu. Zotsitsanso matumba ine ayi."