Nyumba Zimene Hushang Anadyamo Mchere

Mumzinda wathu wa mgodi wa kopa, kumapiri a ku Kerman, aliyense amadyera mgodi. Hushang yekha ankadyera kabuku. Kumgodi anamukana chifukwa cha chifuwa, ndiye analemba kabuku kolondolera alendo: dzenje lalikulu lili apa, ng'anjo yosungunulira miyala ili apo. Koma ndani angakwere basi kudzaona utsi? Anzake a kusukulu ankamudutsa pagalimoto, iye ali chiimire ndi timabuku take ta fumbi. Nsanje inamudya. Sindimuweruza kwambiri, chifukwa amene anamulozera khomo la wolemba zithumwa ndine.

Mkuluyo ankalemba pakapepala ndi inki yachikasu ya maluwa a safironi, osadzutsa mutu.

"Alendo adzabwera mpaka utope nawo. Koma chaka chilichonse uziwonjezera nyumba imodzi m'kabukumo."

"Nyumba iliyonse, bambo?"

"Imene unadyamo mkate ndi mchere. Ya munthu wachilendo sigwira."

"Nanga mwininyumbayo?"

"Wabwerera chuma kapena eni nyumba? Imwa tiyi, akuzizira."

Hushang ankadziwa, monga tidziwira tonse, kuti munthu amene unadya mchere wake sumupereka. Anamwabe tiyiyo.

Anayamba ndi nyumba ya tiyi ya bambo Nosrat, nkhalamba imene inkamudyetsa ulere. Mabasi a alendo anayamba kufika. Bambo Nosrat anamupsompsona masaya onse awiri: "Mwana wanga, wandikumbukira!" Kenako anayamba kutsokomola, ndipo dzinja lisanathe tinawaika. Anthu anati ndi utsi wa ng'anjo. Hushang analira kuposa ana a malemuwo, koma ndi ndalama za alendowo anagulabe hotela. Chaka chachiwiri analemba msuweni wake Kazem, wosula miphika ya kopa. Nayenso anapita.

Kuchokera apo Hushang analeka kudya kwa anthu. Ukamuitana kawiri, katatu, iye ankangoti, "Ndadya kale." Ankadya za mkazi wake Mahrokh yekha, m'nyumba imene Mahrokh anasiyiridwa ndi bambo ake, ndipo analumbira kuti nyumba imeneyo sadzailemba. Anabwerera kwa mkulu uja.

"Bambo, nyumba zatha."

"Ukadali kudya, sizinathe."

Mahrokh sankadziwa kanthu. Chimene chinkamuwawa n'chakuti azimayi kumsika ankati mwamuna wake ndalama zamusandutsa womana. Kabuku katsopano kali kwa osindikiza, iye anapitako yekha n'kuwonjezera mzere umodzi patsamba lomaliza: mlendo aliyense afike kunyumba kwa wolemba, adzamwe tiyi. Analemba msewu ndi nambala yomwe.

Hushang anauona mzerewo timabuku titamwazika kale.

"Ndachita bwino, eti Hushang wanga?" anatero Mahrokh akumwetulira. "Asiye kukunena." Atatero anatsokomola pang'ono.

Hushang anathamanga mzinda wonse, kulanda alendo timabuku, kung'amba tsamba lomaliza. Koma tina tinali titapita kale kumizinda ina. Alendo anadzaza pabwalo, Mahrokh akuwathirira tiyi, dzanja lina atagwira pachifuwa. Anamwalira patatha miyezi itatu, osadziwa chimene chamupha.

Hotela ija inatsekedwa. Hushang lero amagona kumanda, ndipo ukamupatsa mkate amakufunsa kaye ngati wathiramo mchere. Ine ndimamupititsirabe wopanda mchere, koma kumuyang'ana m'maso ndimalephera.

Chuma chofunira kwa olemba zithumwa chimalipidwa ndi anthu amene anakudyetsa. Dyera likawamaliza akunja, limalowa m'nyumba mwako n'kutenga amene unkati uwateteza.