Nkhani Imene Amagalasi Sanaimalize

Ine kusukulu ndinangokanunkhizako. Dzina langa ndimalemba, koma buku lathunthu limandizunguza mutu. Komabe nkhani zoopsa za m'mabuku ndimazidziwa kuposa ana anga ophunzirawa, chifukwa ndinazimvera kubekare, usiku, fulawa ali mbuu m'nsidze.

Ntchito ya buledi ili ndi nthawi yongokhala. Ukakanda mtanda umauphimba, n'kudikira kuti ufufume. Ukaulowetsa mu uvuni umadikiranso. Nthawi imeneyo ndi yoipa, chifukwa ukangosinza, buledi wapserera. Ife mankhwala a tulo tinali nawo. Mkulu wathu wa uvuni, amene tinkawatcha Amagalasi, ankayenda ndi kabuku ka nkhani zoopsa m'thumba la ovololo. Chikuto chinathothoka kalekale, masamba anali atada ndi mafuta. Kabuku kakatha, ankakasinthitsa kwa ogulitsa mabuku akale, n'kubwera ndi kena.

Tinkakhala m'sitolo ya fulawa, aliyense pa ndowa yake yovundikira. Amagalasi ankatsokomola kaye, n'kunyambita chala, n'kutsegula tsamba.

Mabuku aatali ankawakana. Ankati, "Buku lalitali ndi la anthu amene alibe uvuni. Ife tikufuna nkhani yoti mtanda ukamafufuma, munthu akhale atafa kale." Analinso ndi makani posankha. Nkhani ya magazi ambiri ankaisiyira panjira. "Uyu sadziwa kulemba, ndi wabutchala. Wodziwa sakuonetsa chinthucho. Amangokuuza kuti chitseko chimene unakhoma chili pululu, kwinako umadziopseza wekha."

Ine ntchito yanga inali kuwonjezera mchere. Ndinkamanga supuni ku ulusi, n'kuudutsitsa kuseri kwa matumba. Nkhani ikafika pozizira msana, ndinkakoka, supuni n'kugogoda chitseko chachitsulo. Go, go, go! Mnzathu wina wamtali anagwera m'beseni la mtanda chagada. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Amagalasi anangondiyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Iwe Kapsala, uzigogoda choncho. Tsiku lina adzakuyankha."

Masiku amenewo ndimawasowa. Malipiro anali ochepa, koma usiku unkathamanga.

Nkhani imene inatsala inali ya telala. Kwa telalayo kunkabwera mayi wina madzulo okhaokha, kudzayezetsa diresi. Tsiku lililonse akamuyeza, ankapeza kuti mayiyo watalika. Telala n'kulumikiza nsalu. Mawa lake diresi yafupikanso. Tsiku lomaliza anagwada pansi, mapini ali kukamwa, kuti aone m'munsi mwa diresi. Anakweza nsalu pang'ono.

Pomwepo Amagalasi ananunkhiza m'mwamba.

"Buledi!"

Tinathamangira ku uvuni tonse. Tinamupulumutsa. Koma kenako panali kupakira, kunja kunacha, kabuku kanabwerera m'thumba. Ndinawapempha kuti angondinong'oneza mathero. Anakana. "Nkhani sanena ataimirira. Mawa."

Mawa limenelo sanabwere. Chifuwa chinawagwira, ndipo sabata isanathe tinawaika. Ovololo ija abale awo anaitenga, kabuku kali momwemo. Ndinakafunsa, anandiuza kuti sakudziwa kumene kanapita. Ndinazungulira ogulitsa mabuku onse. Koma buku lopanda dzina ungalifunse bwanji? Ndinkangoti, "Muli telala ndi mayi wotalika." Ankandiseka.

Zaka zinapita. Anzanga akale anabalalika, kunabwera achinyamata okhala ndi mafoni m'makutu. Nditati ndiwauze za telala uja, wina anati, "Amalume, ndiye zinatha bwanji?"

Tsono mumve zimene zinandionekera chaka chatha.

Eni bekare ndi mayi wamasiye, timawatcha Adona. Sabata imeneyo anali atandikwiyira. Ndinali nditapita kukaopseza mlonda ndi thumba kumutu, mathireyi a buledi n'kupserera kumbuyo. Anandiitana. "Kapsala, imvi zayamba koma nzeru ayi. Buledi akadzapsereranso uli pa ntchito, udzangosiya apuloni pakhomopo." Sankaseka. Kunyumba kuli ana, ndipo pa msinkhu wangawu ntchito sapeza.

Madzulo a tsiku limene ndikunenali anayamba ngati wamba. Mnzanga wogwira naye anathamangira kuchipatala, mkazi wake atayamba kudwala pakati. Ndinatsala ndekha. Ndinakanda, ndinaumba, ndinalowetsa mathireyi mu uvuni. Kenako ndinakakhala m'sitolo, pa ndowa yanga yakale.

Tulo tinayamba kundinyengerera. Pofuna kudzitsitsimula, ndinatola supuni n'kugogoda chitseko chachitsulo chija. Go, go, go. Ndinadziseka ndekha.

Kuseri kwa matumba kunamveka: go, go, go.

Ndinati ndi mlonda akubwezera. Ndinasuzumira pawindo. Mlonda anali kugeti, atadzikuta chikhothi, akuliza mkonono.

Ndinabwerera pa ndowa. Babu linali kuyaka bwinobwino. Matumba anali atasanjidwa mpaka kudenga, kuseri kwake kuli kampata koti munthu mmodzi n'kukhala. M'kampatamo munamveka ndowa ikukwekwereka pasimenti.

Kenako kutsokomola.

Chifuwa chimenecho ndinkachidziwa. Tsitsi linaima.

Ndinamva chala chikunyambitidwa. Tsamba linatembenuka.

"Tinalekera pati, Kapsala?"

Ndikanayenera kukuwa. Ndikanayenera kuthawa. Koma pakamwa panga panayankha pokha. "Telala wagwada, akulu. Mapini ali kukamwa."

"Eya. Koma nkhani sayambira pakati. Tiyambirenso."

Anayambadi pachiyambi. Mawu omwe aja, osathamanga, okoka pang'ono pothera. Mayi uja analowanso m'shopu ya telala. Anayezedwa. Anatalika. Sindinasuzumire kuseri kwa matumba. Mantha analipo, inde, koma pansi pa manthawo panali kena kake kofunda. Ndinkamva ngati ndikacheuka ndiwaona anzanga onse pa ndowa zawo, wamtali uja atagwira pakamwa.

Mayi anabwera kachiwiri. Telala analumikiza nsalu.

Fungo la buledi linasintha. Wophika aliyense amalidziwa fungo limenelo: buledi wapsa, akupempha kutuluka. Ukachedwa pang'ono, lotsatira ndi la makala.

Ndinakumbuka apuloni pakhomo. Ndinakumbuka ana. Uvuni unali pafupi, kungodutsa chitseko. Koma ndinadziwa mumtima kuti ndikangonyamuka, pobwera ndipeza matumba okhaokha.

Mayi anabwera komaliza. Telala anatenga mapini.

Fungo linayamba kuwawa m'mphuno. Thukuta linkatsika m'khosi. Ndinagwira ndowa ndi manja onse awiri kuti thupi lisandinyamule.

Telala anagwada. Anagwira nsalu. Anaikweza pang'ono.

Mawu analeka. Ndinamva munthu akununkhiza m'mwamba.

"Buledi, Kapsala."

"Mlekeni apse, akulu. Malizani. Chonde."

Kenako anapuma mozama, ngati mmene ankachitira ndikawasokoneza.

"Iwe sudzakula. Khala pompo. Ulendo uno ndipita ine."

Kabuku kanatsekedwa. Palibe chimene ndinaona chikudutsa, koma fulawa wa pansi anauluka pang'ono pafupi ndi phazi langa. Kuchipinda chinacho chitseko cha uvuni chinalira. Mathireyi anayamba kutuluka, limodzi, linzake, mosapupuluma. Ndinamva buledi akugubuduzidwa m'zitini.

Kenako bata.

Ndinadikira. Anati ndikhale pompo, ndiye ndinakhala. Sanabwerere.

Adona anandipeza m'mawa ndili pa ndowa, maso ali tong'o, miyendo itachita dzanzi. Analowa akukalipa, chifukwa galimoto yonyamula buledi inali itafika ndipo panalibe chimene chinali chitapakiridwa. Atafika ku mashelefu, anangoima chilili.

Buledi yense anali wabwino, wofiirira mofanana. Koma anali atagonekedwa cham'mbali, mizere yowongoka ngati ana pa asembule. Ife tonse timamuimika. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamugoneka choncho, ati kuti pansi pasachite thukuta.

Adona anamuyang'ana nthawi yaitali. Anandiyang'ana ine.

"Kapsala, ngati ndi masewera ako, awa okha si abwino."

"Ine ndinali pa ndowa, Adona."

Sanandichotse ntchito. Sanaifunsenso nkhaniyo.

Kumene timakhala ambiri amati ndapeka. Sindiwadandaula, munthu ukazolowera kunamiza anzako, choona chako chimasowa wochigula. Mlonda yekha ndi amene amanong'oneza anthu kuti usiku umenewo anadzidzimuka, n'kuona mithunzi iwiri pawindo, wina wokhala, wina woyendayenda. Amati mwini ntchito weniweni sangalole buledi kupserera, ngakhale atagona kumanda.

Adona anandiuza kuti ndakula, ndisinthe ndizigwira masana. Ndinakana. Ndikatsala ndekha, ndimavundikira ndowa ziwiri. Buledi ndimamutulutsa kaye yense, uvuni n'kuuzimitsa, kuti pasadzapezekenso chowiringula. Ndikatero ndimatenga supuni yanga.

Mpaka lero telala uja akadali chigwadire.