Mpweya Wachiwiri pa Nyimbo ya Namondwe

Chinthucho Makutu anachimva koyamba pakati pa vesi ndi kolasi, pamalo pamene woyimba amakokera mpweya. Namondwe anakokadi mpweya pamenepo, mwaphuma monga mwa chizolowezi chake. Koma atangotero panamveka kupuma kwina, kodekha, kokhuthala, kwa munthu amene sakuthamangira kulikonse.

Makutu sanapatsidwe dzinali pachabe. Ankajambula magulu oyimba nyimbo za roko m'galaja ya kuseri kwa nyumba yake, momwe makoma anawakuta ndi makatoni a mazira ndi matiresi akale, ndipo ankatha kukuuza kuti nsambo ya gitala yako yachita dzimbiri iwe mwini usanaone. Namondwe anali mng'ono wake, woyimba wa mawu okanda amene ankanjenjemeretsa malata. Mawu amenewo tsopano kunalibe. Madokotala anamupeza ndi chotupa pakhosi, ndipo moyo anaupulumutsa koma kholingo anachotsa. Asanapite kukagonekedwa, Namondwe anadzitsekera yekha m'kachipinda ka mayiki m'galajamo n'kujambula nyimbo yake yomaliza, kamodzi kokha, mpaka pakhosi panatuluka magazi. Mkazi wake anali woyembekezera. Mwanayo akadzafuna kumva mawu a bambo ake, adzawamva pa nyimbo imeneyi basi.

Nanga munthu n'kusiya mpweya wachilendo pa nyimbo yoteroyo? Makutu analumbira kuti auchotsa.

Zida zake zinali mapulagini, timapulogalamu ta pa kompyuta tokonzera mawu, ndipo vuto lake silinali kusowa koma kuchuluka. Aliyense pa intaneti amatama yake. Wina akuti iyi imaonongeratu phokoso, wina akuti iyo ndiye ya akatswiri a roko, ndipo Makutu ankangotsitsa zonse ngati mwana m'sitolo ya maswiti. Usiku woyamba anasankha kompuresa, imene imatsitsa mawu okwera n'kukweza otsika kuti woyimba asamizidwe ndi magitala. Mawu a Namondwe anakhala bwino pamwamba pa ng'oma. Koma kompuresa sisankha, imakweza chilichonse chapansi. Mpweya uja unatuluka poyera, ndipo Makutu anamva kuti sunali pamalo amodzi ayi. Paliponse pamene Namondwe ankakhala chete, winayo ankapuma.

Anavula mahedifoni n'kucheuka. Namondwe anali pa sofa yothyoka ya kumbuyo, mpango uli m'khosi, monga ankachitira madzulo aliwonse chitulukire m'chipatala. Ankapumira pa kaboo kamene madokotala anasiya pakhosi, ndipo kankalira timluzu tating'ono, tofulumira. Anakweza zikope kufunsa ngati zikuyenda. Makutu anamuonetsa chala chachikulu.

Usiku wotsatira anasankha geti, pulagini imene imatseka njira woyimba akakhala chete n'kutsegula akayamba kuyimba. Malo onse opumira anangoti zii, ndipo Makutu anaseka yekha, poganiza kuti wathana nazo. Kunja kunali bata, kupatula nthambi ya mtengo imene inkakwecha denga. Anabwezera nyimboyo poyambira kuti asangalale nayo bwino. Apa m'pamene tsitsi linamuyima. Mpweya uja unali utasamuka. Sunalinso m'mipata, unali pansi pa mawu enieniwo, ukutsatira liwu lililonse pambuyo pang'ono, ngati munthu amene akuphunzira nyimbo.

Kutacha anaitana Wang'oma, mayi amene ankaimba ng'oma m'gulu la Namondwe, kuti amvetsere naye. Mayiyu sankaopa munthu, ndipo ankakonda kunena kuti oyimba magitala onse ndi ana ofunika kuwasambitsa. Anavala mahedifoni akuseka, koma anawavula nkhope itasintha. Anayamba ndi kumunyoza Makutu kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, asiye kuunjika mapulagini, nyimbo ya roko imakoma ndi litsiro lake. Kenako anatsitsa mawu n'kuyang'ana ku kachipinda ka mayiki. Anati anthu a mumsewumo amanena kuti kale, Makutu asanasamukire m'nyumbamo, m'galajamo munkagona bambo wina wofunitsitsa kuyimba. Akuti anayenda m'magulu onse, ndipo onse ankamukana ati mawu ake ndi oipa. Akuti ankayimba yekha usiku chitseko chili chotseka, mpaka tsiku lina anangoleka, ndipo anamupeza atafa patapita masiku.

"Komatu anthu amangolankhula," ananong'oneza Wang'oma. "Inu musakhudzenso mawuwo. Asiyeni momwe alili."

Malangizo abwino amafika munthu atayamba kale kumira. Kompyuta ya Makutu inali nkhalamba, ndipo ukaisenzetsa mapulagini ambiri inkatsokomola n'kuima. Choncho iye anali ndi kachizolowezi kake. Akakhutira ndi pulagini, ankaimata pa mawuwo n'kusunga pa fayilo yomweyo, kuti kompyuta ipepukidwe, kenako n'kuyesa ina. Fayilo yoyambirira ya mawu a Namondwe anali ataisunga padera, inde. Koma usiku wa geti uja malo atatha mu kompyuta, anafufuta mulu wa zinthu zakale kuti mapulagini atsopano alowe, maso ali psuu ndi tulo, ndipo iyo inapita nawo.

Mkazi wa Makutu anamubweretsera tiyi pakati pa usiku n'kumufunsa ngati nyimbo ya alamu ake anaisunga malo awiri. Makutu anayankha kuti eya, osamuyang'ana. Atatuluka mkaziyo, anagwira mutu n'kulira chamumtima, kuopa kudzutsa Namondwe amene ankawodzera pa sofa.

Kuchokera apo anayamba kuchita zinthu ngati wopenga. Anayesa pulagini yodulira mawu okhuthala, poti mpweyawo unali wokhuthala. Inadula chifuwa cha Namondwe n'kumusiya wopyapyala ngati akuyimbira m'foni, koma winayo sanasunthe. Anayesa ina yochititsa mawu kumveka ngati ali m'holo yaikulu, kuti mwina abise chinthucho, ndipo m'holomo munamveka anthu awiri. Pulagini iliyonse inkatsomphola kanthu pa mawu a mng'ono wake, ndipo panalibenso kobwerera. Winayo ndiye ankanenepa. Sankangopuma tsopano, ankang'ung'udza nyimboyo, moipa, mophonya, koma mosatopa. Makutu analeka kudya. Masana ankamva kung'ung'udzako m'firiji, m'mipope, ngakhale m'injini za magalimoto odutsa.

Mkazi wa Namondwe anaimba foni kufunsa ngati nyimbo yatha, poti masiku ake anali atayandikira ndipo ankafuna kukaimvera kuchipatala. Makutu anamuuza kuti mawa.

Panatsala pulagini imodzi imene anali asanaiyese, yopukuta phokoso. Iyi umaiphunzitsa. Umaisankhira kachigawo kamene kali ndi phokoso lokhalokha, iyo n'kuliloweza, kenako n'kulisaka m'nyimbo yonse n'kulichotsa, mawu a woyimba n'kuwasiya. Makutu anafufuza mpaka anapeza kampata kumapeto kwenikweni, Namondwe atatseka pakamwa, pamene winayo anatsala yekha akung'ung'udza. Anakasankha mosamala.

Usikuwo kunalibe mphepo, ndipo ngakhale nthambi ija sinakweche denga. Babu ya m'galaja inali itapsa, kotero kuwala konse kunkachokera pa kompyuta ndi pa timagetsi tofiira ta masipika. Chitseko cha kachipinda ka mayiki chinali chotsegula pang'ono, ndipo mkati mwake munali mdima wandiweyani. Kumbuyo, timluzu ta Namondwe tinkalira mofulumira.

"Mng'ono wanga," anatero Makutu chapansipansi, osacheuka, "ndikhululukire ngati izi zikanika. Palibenso china."

Anadina. Kompyuta inabuula, mzere wobiriwira n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono. Itamaliza inayamba kutsokomola ngati ikufuna kuima, ndipo Makutu poopa kutaya zonse anachita chimene dzanja lake linazolowera. Anasunga.

Atailiza nyimboyo, ng'oma zinalowa, besi inalowa, magitala analira monga kale. Itafika nthawi ya woyimba, Makutu anatseka maso. Namondwe kunalibe. Ngakhale liwu limodzi, ngakhale kakukanda kaja ka pakhosi, zonse zinali zitapukutidwa ngati fumbi. Pamalo pake panali mawu ena, oyera bwino, okhuthala, ophonya, akuyimba nyimbo yonse liwu ndi liwu mosangalala.

Makutu anadina kuti abweze, koma panalibe chobweza. Anatsegula mafoda onse, ngakhale amene ankadziwa kuti mulibe kanthu, akutchula dzina la Mulungu ndi la mayi ake. Mwana uja anamubwerera m'maganizo, khanda limene lidzafunse kuti bambo ankamveka bwanji. Pomaliza anazimitsa masipika, poti sakanathanso kupirira mawuwo.

M'galaja munati zii. Ndipo m'bata limenelo Makutu anazindikira kuti timluzu tija taleka. Kumbuyo kwake munthu ankapuma ndithu, koma ankapumira m'kamwa, modekha, mokhuthala, ngati amene sakuthamangira kulikonse.

Anacheuka pang'onopang'ono. Namondwe anali tsonga pa sofa, mpango utagwera pamiyendo, misozi ikutsika m'masaya, maso ake akupempha thandizo. Milomo yake inatseguka yokha, ndipo munthu wopanda kholingoyo analankhula ndi mawu a m'masipika aja.

"Isiyeni choncho, achimwene. Tsopano ndikumveka bwino."