Lamba wa Mpando Wakutsogolo

Umphawi wa Wamatayala unali woti ngakhale mbala zinkamumvera chisoni. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala pamphambano ya msewu, pansi pa lata limodzi, akumata ndi kupopa matayala a eni ake. Manja anali atada moti sopo anachita kugonja. Dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale.

Galimoto zikuluzikulu za mabwana sizinkamupweteka mtima, ankadziwa kuti si msinkhu wake. Chimene chinkamudya ndi timagalimoto ting'onoting'ono tija tosamwa mafuta, tokhota paliponse. Anzake amene anakulira nawo ankabwera nato, mkazi atakhala kutsogolo, n'kumuuza asanamupatse ndi moni yemwe kuti, "Tawonjezera mpweya apo, fulumira."

Mkazi wake ankasoka zovala pakhonde, ndipo anali woyembekezera mwana woyamba atadikira zaka zambiri. Mayiyu sankadandaula. "Bambo, miyendo tili nayo," ankatero akutsokomola ndi fumbi la pamsewu. Koma mwamunayo mawu amenewa ankamubaya kuposa chipongwe.

Tsiku lina masana anatseka ntchito n'kupita kwa sing'anga wina amene ankakhala kuseri kwa sitolo ya zitsulo. Chipinda chinali chopanda zenera, ndipo mkuluyo anakhala pa mpando wakale wa galimoto wong'ambika.

"Mukufuna yotani?" anafunsa sing'angayo mlendo wake asanatsegule pakamwa.

"Kakang'ono chabe, akuluakulu. Ine si wadyera."

"Onse amatero. Mukakapeza, kutsogolo mudzakhazikako ndani?"

"Akazi anga."

Sing'anga anamwetulira. "Mwatchula nokha. Mpando umenewo ndi umene ndikufuna."

"Ndidzauzule ndibwere nawo?"

"Ayi, ukhale pomwepo. Pazikhala munthu wanga. Simudzamuona, koma m'mawa uliwonse muzimumangira lamba. Iyeyo ndiye azikuitanirani anthu. Wina akadzakhalapo ndiye kuti wamukhalira pamiyendo, ndipo munthu wangayo akagwira sataya."

"Nanga ndikawafotokozera akazi anga kuti azisamala?"

"Tsiku limene mudzaulule, adzatsika ndi zonse zimene anabweretsa. Mudzabwerera pansi pa lata lanu lija."

Wamatayala anaganiza kuti mpando umodzi n'chiyani, mipando itatu ikutsala. Anavomera, n'kupereka kansalu ka diresi limene mkazi wake ankasoka, monga sing'angayo anamuuzira.

Patatha masiku atatu, panafika kagalimoto kofiira ka zitseko zinayi. Matayala ake anali abwinobwino. Mwini wake, bambo wowonda wa maso ofiira, anamutambasula dzanja Wamatayala n'kuikamo makiyi ndi mapepala. "Katengeni, achimwene. Kanditopetsa." Anachoka wapansi osacheuka.

Wamatayala atangoliza injini, kabelu kokumbutsa lamba kanayamba kulira, ngakhale wake anali atamanga kale. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja. Anakoka lamba n'kumangira mpandowo, kabelu kanatonthola.

Koma ndiye kanagwira ntchito kagalimoto kameneka! Anthu ankasiya galimoto zatsopano n'kuthamangira kofiirako. Mafuta ukathira Lolemba, Loweruka kakadali kuyenda. Wamatayala anasamukira m'nyumba ya siling'i, anagulira mkazi wake makina osokera amagetsi, ndipo anzake aja anayamba kumupatsa moni wa manja awiri. Wokwera akagwira chitseko chakutsogolo, iye ankati, "Pepani, mpando ndi wothyoka, lowani kumbuyo."

Mkazi wake bodza limeneli silinamugwire. "Bambo, inu mumakonza chilichonse, mpando umodzi wakukanikani? Amayi apampopi akuti kutsogolo mumasungira wina. Ndiuzeni, ndine wamkulu."

"Palibe wina, mayi. Khalani kumbuyo, n'kofewa."

Mayiyo ankalowa kumbuyo, mawondo atagunda mpando, mimba ili patsogolo, akuyang'ana lamba womangidwa pamalo pamene ankayenera kukhala iye. Zinkamvetsa chisoni, koma mwamuna wake ankangowonjezera wailesi.

Kenako zinthu zinayamba kusokonekera. Munthu wa matayala sanamizidwa ndi tayala: la mbali ya mpando uja linkatha msanga, ndipo galimoto inayamba kupendekera komweko ngati yanyamula matumba a simenti. Kabelu kanayamba kulira ngakhale lamba ali womanga, makamaka mkazi wake akayandikira.

Loweruka lina anabwera mlamu wake, mng'ono wa mkazi wakeyo, munthu wachibwana. "Alamu, ndalama zakupengetsani! Mpaka mpando kuumangira lamba?" Wamatayala ali kutunga madzi otsukira galimoto, mlamuyo anatsegula chitseko n'kukhalapo kuti adzijambule chithunzi. Sanathe ndi mphindi imodzi. Anatuluka akuseka, akuti pampandopo pakuzizira ngati mufiriji. Pofika Lolemba miyendo yake inali itafota, ndipo madokotala sanapeze kanthu.

Wamatayala anathamangira kuseri kwa sitolo ya zitsulo kuja. "Mlamu wanuyo munthu wanga anangomulawa," anatero sing'anga akusenda nthochi. "Amene akumudikira si ameneyo. Munamutchula nokha."

Apa mpamene munthu wanzeru akanataya makiyi m'chimbudzi. Iye anabwerera kunyumba, anayang'ana siling'i, anayang'ana makina amagetsi, n'kunena mumtima kuti adzingosamala kwambiri.

Matenda a mkazi wake anayamba m'mawa dzuwa litakwera, mwezi usanakwane. Amayi oyandikana nawo anamunyamula akubuula. Atafika pagalimoto, mayi wamkulu amene ankawatsogolera anati, "Kumbuyoku n'kopanikiza, munthu sangagoneko. Gonekani mpando wakutsogolowu."

"Ndi wothyoka, amayi!"

Mayiyo anakoka kachitsulo ka m'mbali, mpando unagona bwinobwino. "Wothyoka pati? Bambo inu, manyazi mulibe? Mkazi wanu akufa, inu mukusungira malo chibwenzi?"

Anthu anali atadzaza pabwalo. Mawu ochepa okha akanakwana, akuti pampandopo pali chinthu, ndinapita kwa sing'anga. Anatsegula pakamwa, koma anaona lata lija, anaona pampu ya manja, anamva mawu aja akuti tawonjezera mpweya. Anadziuza kuti chipatala chili pafupi, athamanga kwambiri, mwina chinthucho sichipeza mpata. Anatseka pakamwa.

Amayi aja anamasula lamba, anamugoneka mkazi wakeyo, n'kumumangira lamba yemweyo. Wamatayala analiza injini. Kabelu sikanalire.

Ali pamaloboti oyamba, mkazi wake anatembenuka n'kumugwira dzanja limene linali pa giya. Anamwetulira ngakhale thukuta linali kamukamu. "Bambo, lero mwandikhazika kutsogolo. Zikomo." Kenako anati, "Koma mwamanga kwambiri lambayu. Ngati wina wandikumbatira."

Wamatayala anaponda mafuta mpaka pansi, akuliza hutala, akufuula dzina limene ankamuitana ali pachibwenzi. Atafika pachipata cha chipatala, dzanja lija linali litazizira. Anamwino anayesetsa, koma mayi ndi mwana yemwe anali atapita.

Maliro atatha, iye anaulula zonse pamaso pa apongozi ake, osafunsidwa. Koma kuulula kunabwera mochedwa. Nyumba inapita, makina anapita, ndipo kagalimoto kanakana kulira. Kali pomwepo pamphambano paja, matayala ataphwa, batire anachotsamo kalekale, komabe odutsa amati kabelu kamamveka.

Wamatayala tsopano amayendayenda mumzinda wopanda nsapato, atagwira chivundikiro cha ndowa ngati chiwongolero. Pamaloboti ofiira amaima bwinobwino. Akaona mayi wakhala kutsogolo m'galimoto ya munthu, amagogoda pagalasi misozi ili mbwembwembwe, akuchonderera kuti, "Mayi, tsikani. Chonde khalani kumbuyo."

Inu amene mtima umakuwawani mukaona cha mnzanu, dziwani kuti chuma cha zitsamba sichibwera chokha, chimabwera ndi mwini wake. Ndipo mwini wakeyo satenga chimene simukuchifuna, amatenga munthu yemwe uja munkati mukumuvutikira.