Zigamba za Hadiya pa Kandege

Kandege kanagwera pa udzu wouma kumapeto kwa bwalo la sukulu ku Chelstone, kakununkha ngati ayironi yoiwalidwa pa malaya. Towela anathamanga kukatola, koma atangokhudza mphuno yake anachotsa chala msanga n'kuchiika m'kamwa.

Tsono mumvetse mmene zinalili. Towela, mtsikana wa giredi naini, anakapanga kandegeko kwa miyezi itatu, ndipo Lachisanu kanayenera kukauluka pa chionetsero cha sayansi. Kanali ka mapiko aatali: mota imakakweza m'mwamba, kenako umaizimitsa pa rimoti, iko n'kumangoyandama pamphepo ngati kabawi. Motayo inali imodzi yokha. Ikapsa, kwatha.

Mnzake Hadiya anangopatsidwa ntchito yokongoletsa. Koma Hadiyayu ndi mwana wa telala wa pamsika, ndipo kwawo chibowo sichigona. Sokosi ikabooka imasokedwa tsiku lomwelo. Ndiye ataona tizibowo titatu kunsi kwa mphuno ya kandege ndi kena kumbuyo kwa mapiko, mu Ogasiti muja fumbi la Lusaka limalowa ndi m'makutu momwe, anadula tizigamba ta chitenje n'kumata bwinobwino, pamwamba n'kupaka utoto wachikasu. Ntchito yaukhondo zedi, moti palibe anazindikira. Iye mumtima ankati wathandiza.

"Ba Musonda, yapsa," anatero Towela kwa mphunzitsi wawo wa sayansi. "Ndine ninalakwitsa mawaya. Ningosiya chabe, mupeleke ena."

"Mawaya ali bwino, ninayaona," anayankha ba Musonda akukanda mutu. "Mphepo imangena kutsogolo, ipita pa mota kuiziziritsa, ichokela kumbuyo. Manje yatentha bwanji chonchi?"



"Imangena pati mphepoyo?" anafunsa Hadiya motsitsa mawu.

"Pa tumabowo twamene ninaboola," anatero Towela osamuyang'ana n'komwe. Anali atayamba kale kulongedza rimoti m'chikwama, misozi ili m'maso.

Akanatha kungokhala chete Hadiya. Akanamata pakamwa ngati mmene anamatira kandege, Towela n'kupita kwawo akudziyesa mbuli. Koma anatembenuza kandegeko chagada, n'kukanda utoto ndi chikhadabo mpaka maluwa a chitenje anaonekera.

"Ndine," anatero. "Ninaona monga kang'ambika. Ninaopa fumbi."

Towela anayang'ana chigambacho.

"Iwe Hadiya, ndeke yanga unaiika zigamba monga thalauzi ya ambuye ako?"

"Sininadziwe, mwana. Pepa."

"Pakamwa unali napo. Nkhani za anthu onse a mu Avondale umafunsa, koma ichi chabe unakangiwa?"

Ba Musonda anabisa kuseka ndi chikhatho. Anamatula zigamba zonse zinayi, n'kuika kandege pamthunzi wa mtengo. Hadiya anafuna kuthirapo madzi a m'botolo lake, koma anayamba wayang'ana Towela, ndipo Towela anapukusa mutu. Anadikira. Mphindi makumi awiri zinatalika ngati ulaliki wa tsiku la maliro.

Kenako Towela anakankha kabatani pang'ono. Pulopela inagwedezeka, n'kuima. Hadiya anatseka maso. Towela atakankhanso, inayamba kuzungulira, kulira bwinobwino ngati njuchi.

"Ukweze pang'ono chabe, uzimitse, ipumule," anatero ba Musonda.

Kandege kanakwera kupitirira denga la makalasi, mota n'kuzima, iko n'kumazungulira mwakachetechete pamwamba pa bwalo. Katatera, Towela anagwira dzanja la Hadiya n'kuliika pamphuno paja. Panali pofunda chabe, ngati kapu ya tiyi womwedwa kale.

Hadiya anangokhala pansi pafumbi pomwepo ndi yunifolomu yake.

"Nyamuka iwe," anatero Towela akutsegula kachivundikiro ka pamsana pa kandege. "Bwela nikuonetse mukati."

Hadiya anasendera pafupi, manja onse awiri ali kumbuyo.

"Nanga aka kofiila," anafunsa, "nchito yake ni chani?"